Makasu Awiri

"Dothi ndi langa, munda ndi wanga. Ndiye ndiyambe kugwadira mng'ono wanga kuti andilole?"

Amene ankalankhulawo anali alamu anga aakulu, ataima pakati pa bwalo ndi kamtengo kotsukira mano m'dzanja. Amuna anga anali pakhonde, mbale ya mpunga wa dzulo ili pamiyendo, osaikhudza.

"Sindikuti mugwade, achimwene. Ndikuti madzi sadziwa mwini munda. Mukatsitsa mbali yanu, madzi a mbali yanga atsikira komweko."

"Makasu awiri okha, Lutfar. Jobbar wa ku uvuni wa njerwa wanena pamaso pa anthu kogulitsira tiyi. Achotsa makasu awiri a dothi la pamwamba, n'kutipatsa njerwa zomangira nyumba. Mtsinje ukasefukira nthawi ya mvula, matope adzaza pomwepo. Makasu awiri n'chiyani? Sapitirira bondo."

"Makasu awiri amenewo ndiye munda wake. Pansi pake ndi dongo lakufa, ngakhale udzu umakana."

Ine ndinali kukhitchini, nsalu nditaikokera mpaka pamphumi monga ndimachitira alamuwo akakhala pafupi. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndili pakhomo pano, sindinawayang'anepo m'maso, sindinawayankhepo mwachindunji, ndipo dzina lawo silinatulukepo pakamwa panga. Mkazi satchula dzina la mkulu wa mwamuna wake. Tsoka lake, dzina la alamu angawo m'chilankhulo chathu ndi lomwelo la mwezi, choncho ine mwezi ndinkautcha nyali ya kumwamba, mpaka mwana wanga Shiuli anakalemba zomwezo kusukulu, aphunzitsi n'kumuseka.

Munda womwe ankakanganirawo ndi umodzi, wa malemu apongozi anga a Kosimuddin. Abale awiriwa anaugawa pakati ndi mzere wa dothi wongokwana phazi limodzi, kum'mawa kwa aakulu, kumadzulo kwathu. Ku ofesi ya zamalo sanapiteko, poti ana a mimba imodzi safuna pepala. Mbali yakumadzuloyo ndiyo mpunga wathu wa chaka chonse, ndipo ina tilibe.

Akazi a alamu, a Amiron, anatulukira ali ndi tsache m'manja.

"Ndi nsanje basi, bambo a Parul, musavutike kuifunira dzina lina. Kawiri konse anthu abwera kudzaona Parul, kawiri konse ayang'ana makoma a malata n'kunena kuti tiyankhabe. Alipo ena pakhomo pano akufuna mwana wanga akalambire m'nyumba."

Ena amenewo ndinali ine. Alamu sindikanawayankha, koma palibe mwambo woletsa munthu kucheza ndi mphika wake.

"Mphika iwe," ndinatero mokweza, "tsiku lomwe udzaone mkamwini akudya njerwa ndi mphodza, udzandiuze."

"Lutfar, uza wa kukhitchiniyo kuti mphika wake wayamba mwano," anatero alamu.

Nthawi yomweyo njinga yamoto inalira kumpanda. Anali Jobbar, amene amasakira dothi eni uvuni wa njerwa wa kutsidya kwa msewu. Chumuni chawo chimaoneka ngakhale uli pabwalo pathu, ndipo chikayamba kufuka nyengo yozizira, mango athu amathothoka akadali maluwa. Analowa ndi bokosi la maswiti, napereka salamu kwa aliyense, ngakhale kwa ine wosaoneka.

"Alamu a kukhitchini, mwadzuka? Achimwene aakulu, kapepala ndi aka. Mungodinda chala apa."

"Kakuti chiyani?" anafunsa amuna anga.

"Kakuti mwana wa malemu Kosimuddin akufuna kukumba dziwe la nsomba m'munda mwake. Ndi kotsekera a boma pakamwa, mukudziwa masiku ano kugulitsa dothi la m'munda akuti ndi mlandu. Koma ife pakati pathu tagwirizana makasu awiri. Kodi mawu a munthu saposa pepala?"

"Achimwene, musadinde. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere."

"Wandiyambanso miyambi? Ndinakunyamula pamsana iwe ukuchucha mamina."

Alamu anapaka chala inki, nadinda. Jobbar anauzira pepalalo, nalipinda bwinobwino, kenaka anatembenukira kwa amuna anga akumwetulira.

"Inu simukufuna, achimwene aang'ono? Palibe kukakamiza. Kungoti munda wa pamwamba pakati pa minda yotsika umasanduka chilumba. Nambala yanga achimwene anu ali nayo."

Maswiti aja a Amiron anatigawirako anayi. Ndinapatsa mbuzi.

Patapita masiku anayi, chikatapila chinafika m'mawa kuli nkhungu, mathirakitala asanu ndi limodzi akuchitsatira, akuponda mpiru wa anthu m'mbali mwa njira. Ine ndinali nditatengera amuna anga tiyi ku nazale ya mpunga, pangodya ya mbali yathu. Mbande zinali zitatuluka bwino chaka chimenecho, zobiriwira ngati zopaka utoto.

Chimakinacho chinatambasula dzanja lake. Kumapeto kwake kunali chokokolera cha mano achitsulo, kukula kwake ngati bedi lathu. Chinaluma pansi kamodzi, ndipo pamene chinadutsapo panatsala dzenje lofika m'chiuno. Chinalumanso pomwepo. Mmodzi wa antchito anatsikiramo kukachotsa muzu, mutu wake sunaonekenso.

Alamu anathamanga kuchokera kumpanda, chofunda chikugwa.

"Imani! Jobbar, auze aime. Tinati makasu awiri."

Jobbar anali atakhala panjinga yake akusenda mtedza. Sanadzuke n'komwe.

"Inde, makasu awiri. Simunawerenge? Loyamba lija, lachiwiri ilo."

"Khasu liti?"

"Khasu lathu ndi limenelo," anatero akuloza chokokolera chija. "Funsani dalaivala aliyense, amalitcha khasu."

"Ine ndimanena khasu la m'manja. Khasu la munthu."

"Munanena? Ine sindinamve. Achimwene aakulu, ndani masiku ano amakumba dothi la uvuni ndi khasu la m'manja? Ndiponso pepala mwadinda lija likuti dziwe. Munaonapo dziwe lofika m'bondo? Nsomba zake zingamayende chogwada."

Madalaivala a mathirakitala anaseka.

"Ndiye bwezerani dothi langa, mutenge njerwa zanu."

"Njerwa zatsitsidwa kale pabwalo panu, akazi anu azifunditsa lona. Mukafuna tipite kwa akuluakulu a m'mudzi, tiyeni. Kogulitsira tiyi kunali anthu khumi, onse anamva mawu anu."

Anthu khumiwo, theka ali ndi ana oumba njerwa ku uvuni womwewo. Alamu ankadziwa zimenezo. Anaima m'mphepete mwa dzenje akuyang'ana pansi pake, ndipo sindinama, ndinawamvera chisoni. Koma munthu wamanyazi amasaka pogwetsera ukali wake. Anatembenukira kwa amuna anga.

"Ukuyang'ana chiyani? Wakondwa?"

"Ayi, achimwene."

"Ukangotsegula pakamwa kunja kuti mkulu wako anamupusitsa, usadzanditchenso mbale. Ndakumba dziwe. Ndinafuna ndekha."

Amuna anga anazolika. Tiyi uja anazizirira m'manja mwanga.

Sabata yotsatira tinayamba kuthirira. Pampu ya dera lathu ndi ya a Nitai, munthu wosakonda mikangano. Anatsegula ngalande, madzi anadzaza mbali yathu mpaka m'kakolo, amuna anga nabwera kunyumba akuti mawa tipondaponda matope. Kutacha tinapeza munda uli gwa, madzi onse atatsikira m'dzenje. A Nitai anathiranso. Ulendo uno mzere wa malire unang'aluka, ndipo chigawo cha munda wathu chotalika ngati nsungwi ziwiri chinagumukira pansi tikuona.

"Lutfar, usandide," anatero a Nitai akupukuta manja. "Dizilo wanga sindingamathirire dzenje la Jobbar. Ukatseka mbali iyo, undiitane."

"Nditseka ndi chiyani, a Nitai? Akukumbabe."

"Ndiye mbande zakozo zili ndi masiku angati?"

"Makumi atatu ndi asanu."

"Zikapitirira masabata ena awiri zayamba mfundo. Ukudziwa wekha."

Madzulo ake Jobbar anadutsa panjinga, nachepetsa liwiro pafupi ndi nazale. "Chilumba chikuyenda bwanji, achimwene aang'ono? Mukachedwa chigwera chokha m'dzenje, ndiye tidzatola ulere."

Tsiku limenelo ndinawadikira amuna anga abwere kuchokera ku mzikiti, ndinawaikira mpunga ndi nsomba zing'onozing'ono, Shiuli ndinamutuma kwa anzake.

"Bambo a Shiuli, kogulitsira mbewu kwamatidwa chipepala cha alangizi. Pali nambala. Akuti ukaona anthu akukumba dothi m'munda wa mpunga, uimbe, khoti limabwera lokha pagalimoto."

"Ndinachiona."

"Ndiye?"

"Ndiye ndikaitanire achimwene anga apolisi?"

"Muitanira Jobbar ndi chimakina chake. Achimwene anu anaberedwa, boma liona lokha."

"Boma siliona choncho. Likabwera limagwira amene lampeza."

"Nanga tidya chiyani? Mundiuze. Mwezi wachisanu ukadzafika ena akumweta, ife tidzamweta chiyani?"

"Ndikhoma nsungwi m'malire, ndiike mphasa, ndithire dothi. Zigwira."

"Mukhoma lero, mawa chimakina chikumba pansi pake."

"Amayi a Shiuli, chibale ndi fupa, sichiwola. Bambo atamwalira, anandilera ndi iwowa. Sindingawaimike pamaso pa anthu."

"Fupalo tidzaphika? Iwo anakumbukira chibale podinda chala?"

Anasamba m'manja mpunga usanathe. "Ndanena. Nkhani ya pakhomo pano isatuluke pampanda."

Zaka zonsezi sindinachitepo chinthu chomwe amuna anga aletsa. Koma m'mawa mwake nditapita kukapereka udzu kwa ng'ombe, ndinaona kudzera pampata wa khola chimakina chija chikuluma pafupi penipeni ndi malire athu, ndipo mtima unandiwawa ngati chikuluma ine. Ndinatulutsa foni m'chiuno. Nambala ndinali nditailemba ndi khala kuseri kwa chitseko cha khola. Anayankha mwamuna waulesi m'mawu, anafunsa mudzi ndi njira, nati dzina langa silidziwika. Ndinabwerera kukhitchini.

Tsiku loyamba sanabwere. Tsiku lachiwiri sanabwerenso. Amuna anga ankalawira ndi khasu ndi mitolo ya nsungwi, n'kutsikira m'dzenje la akulu awo, kukhoma zikhomo ndi kukokera dothi kuseri kwa mphasa. Alamu sankatuluka m'nyumba, akuti chimfine. A Amiron ankayendera njerwa zawo m'mawa ndi madzulo, kukonza lona ngati akufunditsa mwana.

Lachiwiri la sabata inayo, dzuwa lili pamutu, ndinamva mathirakitala akuthamanga opanda katundu. Wina kogulitsira tiyi anali ataona galimoto ya boma ikukhota pamlatho, n'kuimba foni. Pamene ndinkafika kumunda, dalaivala wa chikatapila anali kadontho kutali m'minda ya mpiru, injini ataisiya ikulira. Jobbar ngakhale fungo lake panalibe. M'dzenje lonselo munatsala munthu mmodzi, matope mpaka m'mapewa, khasu lili m'manja. Anali amuna anga.

Apolisi awiri anawakokera pamwamba. M'galimoto munatuluka mayi wachitsikana wovala magalasi, ndiye majisitireti wake, ndi kalaliki wa zamalo atanyamula chibuku. Anawaikira tebulo lopinda pansi pa mtengo wa kanjedza, mudzi wonse n'kuzungulira. Kumbuyo kwenikweni ndinaona alamu, atafunda chofunda chobiriwira kumutu, akuyang'ana zala za kumapazi.

Wapolisi anakwera m'chimakina nazimitsa injini, natsika ndi pepala lokulungidwa m'pulasitiki. A majisitireti analiwerenga, nagwedeza mutu.

"Dziwe la nsomba. Ili ndi dziwe lachisanu ndi chitatu mwezi uno, ndipo palibe ngakhale limodzi ndinapezamo nsomba. Chilolezo palibe, dothi lapita ku uvuni." Anayang'ana amuna anga. "Dzina?"

"Lutfar."

"Mwana wa malemu Kosimuddin?"

"Inde."

"Munda uwu ndi wa bambo anu?"

"Inde."

Kalaliki anatsegula chibuku. "Ndi ndime imodzi, mayi, sinagawidwe. Pali ana aamuna awiri."

"Pepala ili likuti mwana wa Kosimuddin, dzina palibe, pali chala chokha. Ochenjera amalemba choncho dala. Bambo, ndakupezani m'dzenje ndi khasu. Chala ichi ndi chanu?"

Amuna anga anakhala chete.

"Ngati si chanu, n'cha ndani?"

Anayang'ana chakumbuyo kwa anthu kamodzi kokha, nabweza maso pansi. Chofunda chobiriwira chija sichinasunthe.

"Alipo wodziwa amene anagulitsa dothi ili?" anafunsa a majisitireti kwa gulu.

Amuna omwe anamva zonse kogulitsira tiyi anayamba kuona mitambo. A Nitai anatsokomola, naonanso pansi.

"Chabwino. Kukhala chete ndi yankhonso. Wogulitsa dothi la munda wa mpunga kwa oumba njerwa, mwezi umodzi kundende. Lembani."

Mwezi umodzi. Mbande zinali zitatsala ndi sabata imodzi. Nsungwi zinali zitakhomedwa theka la malire. Ndinaona zonse m'maso mwanga: amuna anga ali m'ndende, munda ukugumuka chidutswachidutswa, Jobbar akubwera ndi bokosi lina la maswiti. Sindikudziwa kuti ndinadutsa bwanji pakati pa amuna onsewo. Ndinangozindikira ndili patsogolo pa tebulo, nsalu ili kumaso.

"Si iwowa, mayi. Iwowa amatchinga munda wathu kuti usagwe. Onani nsungwizo."

"Amayi a Shiuli, bwerera kunyumba," anatero amuna anga motsitsa.

"Ndinu ndani?" anafunsa a majisitireti.

"Mkazi wawo. Ndine ndinaimba foni."

Gulu linang'ung'udza. Amuna anga anandiyang'ana ngati sakundidziwa.

"Ndiye mukudziwa amene anadinda chala."

"Ndinaona ndi maso anga. Anawanamiza Jobbar wa ku uvuni, anati makasu awiri."

"Jobbar ndamulemba, timusaka. Ndikufunsa mwini chala."

"Ndi alamu anga aakulu."

"Alamu aakulu si dzina, mayi."

"Bambo a Parul."

"M'mudzi uno muli a Parul angati? Ndikufuna dzina loti ndilembe."

Ndinatembenukira kwa kalaliki. "Lili m'bukumo, bambo. Werengani."

"M'buku muli mayina awiri," anatero a majisitireti. "Buku silinaone chala chikudindidwa, munaona ndinu. Mboni imatchula yokha." Anavula magalasi, natsitsa mawu kuti ndimve ndekha. "Mwambo ndikuudziwa, mayi, inenso ndine wokwatiwa. Koma cholembera changa sichilemba ulemu. Mukapanda kutchula, ndinyamula amene ndamupeza."

Kumbuyo a Amiron anakuwa. "Tchula tione. Tchula, lilime likuwolere m'kamwa, mkazi wopanda manyazi."

Ndinadikira. Mulungu ndi mboni, ndinadikira kuti alamu adzitulukire okha, ndinawerenga mpweya wanga kasanu. Akanangoponya phazi limodzi kutsogolo, bwenzi lero tikudyera mbale imodzi pa chikondwerero cha Idi. Sanasunthe. Wapolisi anagwira amuna anga pamkono.

Ndinatembenukira kwa a majisitireti.

"Chan Miya," ndinatero.

"Mokweza."

"Chan Miya, mwana woyamba wa malemu Kosimuddin. Ndi awo afunda chobiriwirawo."

Amayi ena anatseka pakamwa ndi nsalu. Mkulu wina analavula pansi. Anthu anapatuka okha, alamu n'kutsala poyera. Anayenda pang'onopang'ono mpaka patebulo, osandiyang'ana.

"Chala ndi changa," anatero. "Koma anati makasu awiri, mayi. Ine ndinkayesa khasu ngati ilo wanyamula mng'ono wangalo."

"Ngakhale akanati supuni ziwiri, bambo, lamulo likuletsa. Dothi lomwe mwagulitsali linatenga zaka zoposa zanu kuti lipangike. Mwezi umodzi, ndipo mukatuluka mubwezere dothi m'malo mwake."

"Ndikalitenga kuti? Lili pamoto."

A majisitireti analemba, nasaina, nauza apolisi achotse batire m'chimakina. Amuna anga anagwada kugwira mapazi a akulu awo, akulira ngati mwana, koma alamu anabweza mapazi awo. Galimoto itanyamuka, a Amiron anabwera mpaka pamaso panga.

"Wadya mwamuna wanga lero. Usadzapondenso pakhonde panga, ngakhale pa maliro."

Amuna anga anatola khasu lawo, natsikiranso m'dzenje osandilankhula. Ndinapinda nsalu m'chiuno, ndinanyamula mtolo wa nsungwi, n'kuwatsatira. Masiku asanu tinagwira ntchito limodzi, iwo akukhoma, ine ndikututa namasupuni ndi ndowe zotsekera m'mipata, ndipo mawu okha omwe ankandiuza anali akuti "bweretsa" ndi "gwira apa". Tsiku lachisanu ndi chimodzi a Nitai anatsegula ngalande. Kutacha madzi anali akadalimo. Tinawokera mbande zitatsala pang'ono kukalamba, pa magawo awiri mwa atatu a munda wathu. Gawo lachitatu linapita.

Madzulo a tsiku lowokeralo, akusamba matope pachitsime, amuna anga anati, "Unalakwa, amayi a Shiuli." Anathira madzi kumapazi. "Ndipatse sopo. Mawa upume, msana wakowo ndauona."

Chimakina chinakhala m'munda masiku asanu ndi anayi. Kenaka anabwera anthu ndi batire lina ndi pepala lina, nachikweza pa lole. Tikumva kuti chikukumba dziwe la nsomba kumudzi wa kutsidya kwa mtsinje. Jobbar amadutsabe panjinga yake, ndipo amapereka salamu kwa aliyense.

Alamu anatuluka mwezi utakwana, ataonda, ndevu zitachita imvi. Amuna anga anapita kukawachingamira pamsewu ndi chofunda chatsopano, anabwerera nacho. Dzenje silinakwiriridwe, ndipo palibe wa boma anabweranso kudzaona. Muli madzi obiriwira ndi udzudzu. Anthu a ukwati wa Parul sanabwerenso kachitatu, ndipo mwanayo ndimamumva akulira nthawi zina, ine osatha kupita kukamutonthoza. Zimenezo zimandipweteka kuposa malovu a anthu.

Njerwa zija sizinamange nyumba. Mmisiri anabwera ndi chingwe, nachikoka kuyambira pachitsime mpaka pakhola, kudula bwalo pakati. Masiku atatu khoma linali litaima. Tsopano palibenso wondichititsa kukokera nsalu kumaso, ndipo mwezi ndimautchula dzina lake, koma sukoma m'kamwa.

Tsiku lomwe mmisiri anachotsa nsanja zake, amuna anga anaima pafupi ndi khomalo, nakanda njerwa imodzi ndi chikhadabo, nanunkhiza fumbi lake.

"Ili ndi dothi la kungodya ya kum'mawa, pamene bambo ankafesa mbande."

"Njerwa zimenezi zinapsa dothi lathu lisanakumbidwe, bambo a Shiuli. Ndi munda wa anthu ena."

"Ndi munda basi," anatero.

Sindinawatsutse. Ndinkangoyang'ana pomwe khomalo lawalekeza. Linawabisa mutu ndendende monga linkachitira dzenje lija. Makasu awiri.